Waya wachisanu, amene ambiri amaiwala

Mawu akuti "ingozimitsa uyatsenso" aliyense kuno amawadziwa. Sipika ya Bluetooth ikakana kugwira foni m'nyumba yometera pa Chintheche, malangizo ake ndi amenewo. Wailesi ya m'minibasi ikangoti zii, kondakitala amanena zomwezo. Ndipo nthawi zambiri zimathekadi. Koma maganizo anga ndi awa: mawu amenewa ndi a munthu wogula. Inu amene mwayamba kulumikiza machip ku kalabu ya sayansi simulinso ogula, ndinu opanga. Chipangizo chimene chimafuna chala cha munthu kuti chiyambe bwino sichinathe kupangidwa, ngakhale chiziimba mokoma bwanji chikayamba.

Nkhaniyi imaoneka bwino tikamalumikiza chip cha Bluetooth chotulutsa mawu ndi microcontroller. Ambiri amalumikiza mawaya anayi, nyimbo nkumveka, basi nkuyamba kuombera m'manja. Ine ndikuti pali waya wachisanu, wa reset, ndipo ndi amene amasiyanitsa choseweretsa ndi chipangizo choti anthu nkuchidalira.

Tikulumikiza chiyani kwenikweni?

Bluetooth ndi wailesi yaing'ono. Inayambira ku kampani ya Ericsson ku Sweden mu 1994, ndipo dzina lake linachokera kwa mfumu ya ku Denmark ya m'zaka za m'ma 900, Harald Bluetooth. Imagwira ntchito pa 2.4 GHz. Mtundu umene masipika ambiri amagwiritsa ntchito uli ndi matchanelo 79, ndipo umadumphadumpha pakati pa matchanelowo ka 1,600 pa sekondi imodzi kuti usasokonezedwe ndi mawailesi ena. Chip chimene chimachita zonsezi ndi kompyuta payokha. Chili ndi pulogalamu yake, chimakumbukira mafoni amene chinalumikizana nawo, ndipo chimasandutsa manambala ochokera mu foni kukhala mawu.

Nanga microcontroller wabwera kudzatani? Tiyerekeze kuti mukupanga sipika ya pasukulu yoti iziliza belu nthawi ikakwana, komanso aphunzitsi azitha kulengeza uthenga kuchokera pa foni. Chip cha Bluetooth sichidziwa kuti piriyodi yatha. Pakufunika kapitawo wosunga nthawi, wowerenga mabatani, wolamula kuti "kweza mawu", "imitsa nyimbo". Kapitawo ameneyu ndiye microcontroller, monga ATmega328P amene ali pa bolodi ya Arduino Uno.

Awiriwa amalankhulana kudzera mu njira yotchedwa UART. Mawaya anayi aja ndi awa: wa magetsi, wa GND, wa TX wotumiza, ndi wa RX wolandira. TX wa uyu amapita ku RX wa uyo, ngati pakamwa ndi khutu. Chenjezo loyamba lili pomwepa. Arduino Uno imayendera 5 V, pomwe machip ambiri a Bluetooth amayendera 3.3 V. Mukathira 5 V pa pini ya 3.3 V mukhoza kuiwotcha, ndipo ndalama ya ulendo wa ku Mzuzu kukafuna china simuipeza msanga. Njira yotchipa ndi ma resistor awiri: 1 kΩ kuchokera pa TX wa Arduino kupita pa RX wa chip, ndi 2 kΩ kuchokera pa RX yemweyo kupita ku GND. Werengani nokha: 5 × 2 ÷ 3 = 3.33 V. Ndi potential divider yomwe ija ya m'kalasi.

Reset ndi chiyani?

Mkati mwa chip chilichonse muli timalo tosungira manambala totchedwa ma register. Kena mwa timaloti kamasunga pamene pulogalamu yafika. Magetsi akamangofika kumene, timaloti timakhala ndi manambala achisawawa. Reset ndi lamulo lakuti zonse zibwerere pa chiyambi chodziwika, pulogalamu iyambire pa mzere woyamba. Siifufuta pulogalamu ayi. Zili ngati mphunzitsi akafufuta bolodi nkunena kuti tsegulani tsamba loyamba, bukulo likadalipo.

ATmega328P ali ndi zinthu zinayi zimene zingayambitse reset. Choyamba ndi kufika kwa magetsi. Chachiwiri ndi pini ya reset ikakokeredwa pansi. Chachitatu ndi voltage ikatsika kwambiri, zimene zimatchedwa brown-out. Chachinayi ndi watchdog, imene ndiifotokoza kutsogoloku. Pa machip ambiri pini ya reset imagwira ntchito ikakhala pa 0 V. Nchifukwa chake pamakhala resistor, kawirikawiri ya 10 kΩ, yoikokera m'mwamba kuti chip chizigwira ntchito, ndipo batani likadinidwa limaigwetsera ku GND.

Pa ESP32, chip cha kampani ya Espressif chimene chinatuluka mu 2016 ndipo chimatha kulandira nyimbo za Bluetooth, pini imeneyi imatchedwa EN. Opanga ake amalangiza kuikapo resistor ya 10 kΩ ndi capacitor ya 1 µF. Chulukitsani ziwirizi: 10,000 × 0.000001 = 0.01. Ndiye kuti pamatenga mamilisekondi 10 kuti capacitor idzaze kufika pa 63 peresenti. Kanthawi kameneka kamapatsa magetsi mpata woti akhazikike chip chisanadzuke. Tizipangizo tiwiri totchipa, koma ntchito yake ndi yaikulu.

Chip chimodzi chikakhala chokha, zimenezi zimakwanira. Mavuto amayamba machip akakhala awiri, chilichonse ndi kadzukidwe kake. Ndikuuzani atatu amene ndimawaona kawirikawiri pa mabolodi a ophunzira.

Vuto loyamba: ndani wadzuka msanga?

Mukayatsa, ATmega328P pa Uno amadikira mamilisekondi pafupifupi 65, kenako amayamba ntchito. Chip cha Bluetooth chimachedwerapo, chifukwa pulogalamu yake ndi yaikulu ndipo chiyenera kukonza wailesi yake kaye. Microcontroller akangodzuka nkutumiza lamulo lakuti "dzina lako ndi ili, mawu akhale apa", amalankhula ndi munthu wogona. Lamulolo limatayika. Palibe chimene chawonongeka, koma sipika imayamba ndi mawu olakwika kapena siioneka nkomwe pa foni.

Inu a m'mbali mwa nyanja mumaidziwa bwino nkhaniyi. Pa usodzi wa usipa ndi chilimira, siginala ndi amene amakhala ndi nyali, ndipo alovi saponya khoka mpaka iye atapereka chizindikiro. Atati aliyense aziyamba nthawi imene wafuna, abwerera kumtunda ndi bwato lopanda kanthu, ngakhale khoka lili latsopano ndipo usipa unalipo wambiri.

Mankhwala amene ambiri amathamangira ndi kulemba delay ya masekondi awiri kumayambiriro kwa pulogalamu. Ine ndimakana zimenezi, chifukwa ndi kulota chabe. Lero masekondi awiri akwana. Nanga chip cha Bluetooth chikadziyambiranso chokha pakati pa tsiku, microcontroller ali mtulo tosadziwa kanthu? Njira yabwino ndi yakuti microcontroller akhale siginala. Agwire pini ya reset ya chip chija pansi, adikire nthawi imene datasheet yanena, aimasule, kenako amvetsere pa RX mpaka chip chitayankha kuti chakonzeka. Chikapanda kuyankha m'nthawi yoikika, abwerezenso. Apa palibe kulota. Pali funso ndi yankho.

Polumikiza wayayu samalani. Musatumize 5 V ku pini ya reset ya chip cha 3.3 V. Pini ya Arduino izichita zinthu ziwiri zokha: kukokera pansi ikakhala OUTPUT ya LOW, kapena kusiya osagwira ikakhala INPUT. Kukwezako ndi ntchito ya resistor ya mbali ya 3.3 V. Komanso werengani datasheet ya chip chanu, chifukwa ma module ena alibe pini ya reset koma ali ndi pini yoyatsira, ndipo malamulo ake ndi osiyana.

Palinso kamsampha kena. Machip ena amayang'ana mapini angapo pa nthawi yeniyeni imene akutuluka mu reset kuti adziwe chochita. Pa ESP32, pini ya GPIO0 ikapezeka ili pansi pa nthawi imeneyo, chip sichiyendetsa pulogalamu yanu. Chimakhala phee kudikira kuti muchitumizire pulogalamu yatsopano. Wophunzira amene walumikiza batani kapena waya wa microcontroller pa pini imeneyi osadziwa amaganiza kuti chip chafa, chikhalirecho chikungomvera zimene wachiuza.

Vuto lachiwiri: chip chimene sichinazime kwenikweni

Ili ndi limene limandisangalatsa kwambiri ngati mphunzitsi wa Physics. Wina amati, "Aphunzitsi, ine sindifuna waya wa reset. Ndizingodula magetsi a chip ndi transistor, kenako nkuwabwezera." Zikumveka zanzeru, eti? Koma amadabwa kuona kuti chip sichikuyambiranso bwino, mwina kanyali kake kakuyakabe mozilala magetsi atadulidwa.

Chifukwa chake ndi ichi. Waya wa UART akakhala kuti sakutumiza kanthu, amakhala pa voltage yam'mwamba, osati pa 0 V. Mwambo umenewu unachokera ku telegalafu: ankasiya current ikuyenda mu waya nthawi yopuma kuti waya akaduka adziwe msanga. Telegalafu yomweyo inadutsa m'mbali mwa nyanja yathu ino m'zaka za m'ma 1890 kulowera ku Karonga, Bandawe ali kale mishoni kuyambira 1881 pamene Dr Robert Laws anasamukira kuno kuchokera ku Cape Maclear. Ndiye mwambo wa zaka zoposa 100 uli mu bolodi yanuyo.

Tsono mkati mwa chip, pini iliyonse imakhala ndi ma diode oiteteza, ndipo imodzi imaloza kuchokera pa pini kupita ku njira ya magetsi a chip. Mukadula magetsi koma TX wa microcontroller akadali pa 3.3 V, diode ija imatseguka, current nkulowera kukhomo lakuseri. Diode ya silicon imadya pafupifupi 0.6 V, choncho njira ya magetsi a chip ikhoza kukwera mpaka kuyandikira 2.7 V ngati chip sichikukoka current yambiri. Voltage yotere ndi yosakwanira kuti wailesi igwire ntchito bwino, komanso ndi yochuluka moti chip sichizindikira kuti chinazimitsidwa. Mukabwezera magetsi, reset siichitika. Chip chimapitiriza ndi manambala osokonekera aja.

Zofanana ndi zimenezi zimachitika magetsi akangophethira nkubweranso. Ma capacitor amakhala asanathe kutaya chaji, voltage siifika pansi penipeni, ndipo chip chimodzi chimayambiranso pomwe chinzake sichinayambirenso. Nchifukwa chake amisiri a mawailesi amati mukazimitsa muwerenge kaye mpaka 10. Akudikira ma capacitor. Mu pulogalamu yanu, musanadule magetsi a chip tsitsani kaye TX pa 0 V, ndipo mukabwezera gwiritsani ntchito pini ya reset kuti musakayike.

Vuto lachitatu: nyimbo ikafika pokoma, sipika nkuzima

Mwakweza mawu, besi yagunda, sipika yangoti thi, kenako mukumva kaphokoso kaja kosonyeza kuti ikuyambiranso. Ambiri amati chip ndi chabodza. Tiyeni tiwerenge kaye. Amplifier yaing'ono ya PAM8403, imene imapezeka pa timabolodi tambiri totchipa, imatha kutulutsa ma watt 3 mbali iliyonse pa 5 V. Mbali ziwiri ndi ma watt 6. Kuchokera pa P = VI, current ndi 6 ÷ 5 = 1.2 A, tisanawerengere mphamvu yotayika. Tiyerekeze kuti waya wanu ndi wautali ndi wowonda, ndipo pamodzi ndi internal resistance ya batire zikukwana 1 Ω. V = IR ikutipatsa 1.2 V yotayika panjira. Pa bolodi pakufika 3.8 V. Regulator yofala ya AMS1117 imafuna kuti voltage yolowa ipose yotuluka ndi pafupifupi 1.1 V, choncho m'malo mwa 3.3 V ikupereka pafupifupi 2.7 V. Chip cha Bluetooth chikhoza kugwa pamenepo, pomwe ATmega328P, amene pa Uno brown-out yake inaikidwa pa 2.7 V ndipo akudya kuchokera ku 3.8 V ija, sakudziwa kuti kunja kwagwa zotani. Akupitiriza kulamula chip chimene chaiwala zonse.

Kwa ife amene timadalira sola, vutoli limakonda madzulo. Batire likamatsika, internal resistance yake imakwera. Chipangizo chimene chinayenda bwino masana pa chionetsero chimayamba kuvuta nthawi ya prep.

Apa ndikufuna mumvetse: reset ya brown-out si mdani. ESP32 imalemba poyera kuti brown-out yachitika, ndipo pa intaneti mupeza anthu akukuuzani kalembedwe kozimitsira chenjezolo. Musatero. Kumeneko ndi kuphimba bala ndi malaya. Chip chogwira ntchito pa voltage yosakwana chikhoza kulemba zolakwika mu memory yake. Konzani gwero la vuto: mawaya afupi ndi onenepa, capacitor yaikulu ya 470 µF kapena 1,000 µF pafupi ndi amplifier, ya 100 nF pafupi ndi mapini a magetsi a chip chilichonse. Ndipo microcontroller azifunsa chip chija pafupipafupi ngati chili moyo, kuti chikagwa achidzutse ndi kuchiuzanso malamulo onse.

Zimene ena anganene

Ndikudziwa kuti si onse angagwirizane nane. Wina anena kuti, "Koma batani la reset lilipo kale, vuto nchiyani kulidina?" Vuto ndi lakuti simudzakhalapo. Sipika ya belu idzakhomedwa pamwamba pa khoma. Chokuzira mawu cha kutchalitchi chidzagwiridwa ndi mkulu wa mpingo amene sadziwa za GPIO0. Chipangizo chikawakhumudwitsa kawiri katatu, adzachiponya m'kabati nkunena kuti zopanga ana a sukulu nzosadalirika. Mbiri imeneyo siigwera inu nokha. Imagwera aliyense amene adzabwere ndi chake pambuyo panu.

Wina anena kuti zikuwonjezera mtengo. Waya mmodzi, pini imodzi, resistor ndi capacitor. Zambiri mwa izi mungazichotse pa bolodi ya wailesi yakufa. Chimene chimadula kwenikweni ndi nthawi yowerenga datasheet ndi kuganiza, ndipo ndi chimene ambiri amathawa.

Mfundo yamphamvu kwambiri yotsutsa ndi iyi: reset ikhoza kubisa ulesi. Wolemba pulogalamu yosalongosoka akhoza kumangoyambitsanso chip nthawi iliyonse zikavuta, osafufuza chifukwa chake. Zimenezi nzoona, ndipo ndikuvomereza. Yankho langa ndi lakuti reset iliyonse iziwerengedwa ndi kudziwika gwero lake. ESP32 imanena chifukwa cha reset ikamadzuka, ndipo ATmega328P ali ndi register yotchedwa MCUSR yosungira zomwezo. Taonani zimene zinachitika ku Mars. Chombo cha Pathfinder chinatera kumeneko pa 4 July 1997, ndipo patangopita masiku kompyuta yake inayamba kumadziyambitsanso. Chinali chitetezo cha mtundu wa watchdog: kawotchi kamene pulogalamu iyenera kumakabweza m'mbuyo nthawi ndi nthawi, ndipo ikalephera chifukwa yakakamira penapake, kawotchiko kamayambitsa reset. Reset inasunga chombocho chamoyo, koma mainjiniya a ku Jet Propulsion Laboratory sanakhutire ndi zimenezo. Anafufuza mpaka anapeza kuti ntchito yaing'ono yoyeza nyengo inkatsekereza ntchito yofunika kwambiri, ndipo anatumiza kukonza kwake kudzera pa wailesi. Ku Mars kunalibe chala chodina batani.

Chimodzimodzi pa 20 July 1969, Apollo 11 ikutsikira pa mwezi, kompyuta inachulukidwa ntchito nkuonetsa ma alamu a 1202 ndi 1201. Pulogalamu imene inalembedwa ku MIT, komwe Margaret Hamilton ankatsogolera gulu la olemba mapulogalamu, inakonzedwa kuti ikatere iziyambiranso mwachangu, kusiya ntchito zosafunika ndi kupitiriza zofunika. Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anatera bwinobwino. Anthu amenewa anaganizira za kuyambiranso kalekale vuto lisanabwere. ATmega328P wanuyo alinso ndi watchdog, yoti mukhoza kuiika kuyambira mamilisekondi 16 mpaka masekondi 8.

Ndipo kwa amene akufunsa ngati izi zidzabwera pa MSCE: lamulo la Ohm, internal resistance, ma diode ndi P = VI ndi zimene tagwiritsa ntchito m'nkhani yonseyi. Amene waona 1.2 V ikusowa pa multimeter besi ikagunda sangaiwalenso tanthauzo la V = IR.

Mayeso amene ndikupempha

Pempho langa kwa makalabu a sayansi ndi kwa oweruza zionetsero ndi lakuti tisiye kupereka mamalikisi chifukwa choti chipangizo chayenda kamodzi. Tichiyese motere. Zimitsani ndi kuyatsa ka 20, osakhudza batani la reset. Maulendo 10 dikirani masekondi 10 musanayatse. Maulendo 10 enawo yatsani nthawi yomweyo, ngati magetsi angophethira. Kenako kwezani mawu mpaka kumapeto pa batire lotsika. Pomaliza gwetsani pini ya reset ya chip cha Bluetooth chokha, muone ngati microcontroller azindikire ndi kuchikonzanso. Lembani zotsatira mu tebulo: ulendo wachingati, chayamba kapena ayi, chatenga masekondi angati kuti chioneke pa foni. Zonsezi chitani pa batire kapena pa USB, osati pa 230 V ya pakhoma, ndipo mabatire a lithium a 18650 musawagwiritse ntchito popanda kabolodi kowateteza.

Chikayamba ka 19 pa 20, musanene kuti chakhoza. Belu lolira m'mawa uliwonse likamalephera kamodzi pa maulendo 20, ndiye kuti pafupifupi mwezi uliwonse wa sukulu pali tsiku limene anzanu achedwa kulowa m'kalasi chifukwa cha inu. Ulendo umodzi wolepherawo ndi umene uli ndi phunziro. Tengani multimeter, yezani voltage pa pini ya reset ndi pa magetsi a chip, mupeze kuti mwa mavuto atatu aja lakugwerani ndi liti. Mukalipeza, tilembereni m'munsimu tebulo lanu ndi zimene mwasintha, kuti a kalabu ya sukulu ina asataye chip chawo pa vuto lomwelo.